Kodi kafukufuku wa AI akulowera kuti, nanga kuno ku Zomba atifikira?

Mphunzitsi wina wa ku Domasi wanditumizira imelo kufunsa kuti akatswiri a AI, nzeru zimene anthu amaphunzitsa makompyuta, akufufuza chiyani masiku ano, ndiponso ngati zimenezo zingapindulire mlimi wa ku Jali kapena msodzi wa ku Kachulu.

Aphunzitsi, mbali yaikulu ya kafukufukuyu tsopano yatsamira pa chiyankhulo. M'chaka cha 2017 akatswiri a ku Google anatulukira njira yotchedwa Transformer, imene imathandiza kompyuta kuona mgwirizano wa mawu m'chiganizo, ndipo ChatGPT, pulogalamu yocheza ndi anthu ndi kuyankha mafunso imene inatuluka mu Novembala 2022, inamangidwa pa maziko omwewo. Makinawa saganiza ngati munthu, koma amawerenga zolemba zochuluka kwambiri n'kuphunzira kulosera mawu oyenera kutsatira, n'chifukwa chake nthawi zina amanena bodza mopanda manyazi. Ofufuza ambiri akulimbana ndi vuto limeneli, pamene ena akuyesetsa kuchepetsa mapulogalamuwa kuti azigwira ntchito pa foni wamba. Kumbali ya sayansi, pulogalamu ya AlphaFold ya kampani ya DeepMind inatha kulosera kaumbidwe ka mapuloteni, ndipo ntchitoyi inalandira mphoto ya Nobel mu 2024.

Zimene zingatifike msanga ndi za ulimi ndi umoyo. Pulogalamu ya pa foni ya Nuru imazindikira matenda a chinangwa komanso ntchemberezandonda mlimi akangoilozetsa pa tsamba, ndipo kuno kwathu bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, imene imayankha mafunso a alimi m'Chichewa kudzera pa WhatsApp. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti makompyuta aziwerenga zithunzi za X-ray pofufuza chifuwa chachikulu, zomwe n'zofunika kumene madokotala odziwa ntchitoyi ndi ochepa.

Komabe, m'maganizo anga, chopinga chenicheni si intaneti yodula yokha ayi. Makinawa amadziwa zokhazo zimene anadyetsedwa, ndipo Chichewa cholembedwa pa intaneti n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi Chingerezi, Chiyao ndi Chilomwe ndiye musanene. Mukayesa kumasulira mwambi pa Google Translate mudzaona nokha mmene tanthauzo limasokonekera. Gulu la ofufuza a mu Africa lotchedwa Masakhane likusonkhanitsa zolemba za ziyankhulo zathu pofuna kuthetsa vutoli, ndipo ophunzira anu angathe kutengapo mbali. Zomba ili ndi poyambira, popeza zikalata zakale za dziko lino zimasungidwa ku National Archives mumzinda momwemuno, zotsatira za kafukufuku wa mbewu zili kumalo ofufuzira za ulimi a Makoka, ndipo ophunzira za makompyuta amene angazilowetse m'makina ali ku Yunivesite ya Malawi pa Chirunga pomwepa.