Kalaputopu ka ku Limbe ndi ngongole ya katapila

Funso: Ndili ndi golosale ku Ndirande, chaka chachitatu tsopano. Katundu amayenda ndithu koma ndalama sindiziona. Mwana wa achemwali anga akuti ndigule laputopu yoti ndizilembamo zonse. Ku Limbe ndapeza kakang'ono, aja amati netbook, kogwirapo kale ntchito, pa K220,000. Ndili ndi K100,000 yokha, yotsalayo ndikufuna nditenge katapila wobweza ndi 50 peresenti pakutha pa mwezi. Kodi timakompyuta timeneti n'tabwino? Mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi kachipangizoko, poti ndiko mwafunsa, koma mudziwiretu kuti nkhawa yanga ili pena.

Timalaputopu timeneti tinatchuka kuyambira mu 2007 pamene kampani ya Asus inatulutsa Eee PC, kenako kunabwera Acer Aspire One ndi HP Mini. Ubwino wake ulipo. N'topepuka, kulemera kwake kilo imodzi ndi pang'ono, moti kamalowa m'chikwama n'kukwera nako minibasi popanda wodziwa kuti mwanyamula kanthu. Sikadya magetsi ambiri, ndipo batire ikakhala yamoyo mumagwirabe ntchito magetsi atathima. Kulemba kalata, invoisi, kapena kuwerengetsa katundu mu Excel, pulogalamu yowerengetsera manambala, kamakwanitsa.

Kupitirira pamenepo kamayamba kubuula. Tambiri takale tija tili ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yofooka ya Intel Atom ndi RAM (pomwe kompyuta imagwirizira zimene ikuchita nthawi imeneyo) ya 1 GB yokha, ndipo ngakhale muwonjezere sitipitirira 2 GB. Mukatsegula masamba atatu anayi pa intaneti kamangoti zii, inu kudikira, kasitomala ali chilili. Sikirini ndi ya mainchesi 10, mabatani ndi othithikana, polowetsa DVD palibe. Asus ndi Acer anasiya kupanga timeneti cha kumapeto kwa 2012, ndiye ngati kanu ndi ka mtundu umenewo, kadutsa zaka khumi. Windows 7, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene inkabwera m'menemo, kampani ya Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020. Tiliponso tatsopanoko, monga HP Stream, ta Celeron ndi RAM ya 4 GB. Timeneto n'tabwinoko, koma malo osungira zinthu amakhala 32 kapena 64 GB basi, omatiriridwa mkati, osatheka kusintha, ndipo Windows yokha imadya gawo lalikulu. Mwa zonsezi chimene chimafa msanga ndi batire. Ogulitsa amakuonetsani kali pa chaja. Muwauze azule, mukhale pompo mphindi makumi atatu muone ngati sikazima.

Tsopano tikambe za katapila, chifukwa apa m'pamene mukufuna kudzipweteka. Mukatenga K120,000 mubweza K180,000. Kalaputopu ka K220,000 kasanduka ka K280,000 musanalembemo ngakhale dzina lanu. Tinene kuti pa paketi ya shuga mumapeza K200. Chiwongoladzanja chokhacho, K60,000, ndi mapaketi 300 amene mugulitsire munthu wina mwezi umenewo. Mukaphonya tsiku, ambiri obwereketsa amawerengera pa ndalama yonse, ndiye K180,000 ija ifika K270,000. Nanga kalaputopuko kabweretsa ndalama zingati m'kabati? Ngakhale tambala. Mukanati muzitaipira anthu makalata ndi ma CV n'kumalipiritsa, tikanakhala pansi n'kuwerengera. Koma ngongole ya mwezi umodzi siigulira chinthu chimene sichibereka ndalama m'mwezi womwewo. Musatenge, mayi anga, chonde.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mawu akuti ndalama simuziona. Makalata otere ndalandira ambirimbiri, ndipo ndikafunsa kuti kope lanu lili kuti, yankho limakhala lakuti zonse zili m'mutu. Mutu umaiwala! Sopo amene munatengera kunyumba Lachiwiri munalemba? Mafuta ophikira amene aneba anatenga n'kunena kuti alipira pa 30? K5,000 imene munapatsa achimwene ya thiransipoti yopita ku maliro? Ndalama zimene makasitomala amatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, zimene zimasakanikirana ndi zanu za pakhomo mu foni imodzi, n'kuthera mayunitsi ndi magetsi? Kumeneko n'kumene phindu lanu likudonthera. Kompyuta simaona zimenezi. Imasunga chokhacho chimene mwailembera, ndipo munthu amene sanazolowere kulemba ndi bolopeni salemba pa kiyibodi atatopa 8 koloko usiku.

Ndinenenso za mwana wa achemwali anuyo. Mwina akufunirani zabwino, sindikumukayikira. Koma laputopu ikalowa m'nyumba ya anthu ambiri imakhala ya aliyense: uyu akufuna alemberepo za kusukulu, uyu aonerepo filimu, wina abwereke mpaka Lolemba. Tsiku limene flashi idzalowetse vairasi, kapena wina adzaigwetse, kaundula yense wa ngongole za makasitomala anu adzapita nayo.

Chitani izi. Mawa gulani hadikava ziwiri. Ina muzilembamo zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, kuphatikizapo chilichonse chimene mwatenga inuyo kapena wachibale, pa mtengo wake wogulitsira. Inayo ikhale ya ngongole, munthu aliyense tsamba lake, ndi deti. Ndalama za golosale zikhale pa nambala yakeyake ya foni. K100,000 muli nayoyo kaodereni katundu amene amatha msanga pa shelefu yanu.

Pakatha miyezi itatu osadumphitsa tsiku, mundilemberenso ndi manambala a m'makopemo. Ngati phindu lidzaoneke kuti likukwana, mudzagule ndi ndalama zanu, ndipo ndingakonde mudzaonjezere pang'ono mupeze laputopu yakale ya mu ofesi, monga ThinkPad kapena Dell Latitude ya Core i5, imene amisiri amatha kuisinthira batire, RAM ndi hadi disiki. Podzagula mudzatenge munthu wodziwa makompyuta, ndipo mudzaumirire lisiti lolembedwa nambala ya chipangizocho, poti malaputopu obedwa amagulitsidwanso m'tauni muno.