Mfuti zolemera za asilikali owombera patali m'nkhondo ya ku America

Bambo wina amene amawerenga nkhani zanga wandilembera imelo atawona chithunzi cha msilikali wa m'nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya pakati pa mbali ya kumpoto ndi ya kumwera kwa dzikolo, ya 1861 mpaka 1865, atanyamula chimfuti chonenepa ngati musi. Akufunsa kuti, "Kodi imeneyi si gogodela yomweyo imene agogo athu ankasakira nyama? Nanga kulemera konseko kunali kwa chiyani?"

Bambo, pa kathiridwe ka onga simunaphonye ayi. Mfuti zonsezi amazidyetsera kukamwa: amathira onga, n'kuika chipolopolo cha mtovu, kenako n'kutsindira ndi kandodo. Kusiyana kuli m'kati mwa mpope. Gogodela zambiri zinali zosalala m'kati, pamene mfuti mwaionayo inali ndi timizere tozokotedwa mopota, timene timazunguza chipolopolo kuti chiuluke mowongoka.

Mfuti zimenezi sizinapangidwire nkhondo. Zinali za mipikisano yowombera chandamale, ndipo nkhondo itayamba, anthu ena amene analowa m'magulu a akatswiri owombera patali a mbali ya kumpoto anabwera nazo kuchokera kwawo. Hiram Berdan, amene anasonkhanitsa magulu otere mu 1861, sankalemba munthu asanalowetse zipolopolo 10 m'bwalo la masentimita 25 ali pa mtunda wa mamita 183. Zina mwa mfutizi zinkalemera makilogalamu 14 kapena kuposa, pamene mfuti wamba ya msilikali inkangopitirira pang'ono makilogalamu 4. Kulemerako kunali dala, chifukwa mpope wochindikala sunjenjemera onga ukaphulika, sutentha msanga, ndiponso ukautsamiritsa pa chipika kapena pa thumba la mchenga, kupuma ndi kugunda kwa mtima wa wowomberayo sikuusuntha kwenikweni.

Chimene chimandigometsa ine kwambiri ndi kaikidwe ka chipolopolo. Mmisiri ankadula kachidutswa kunsonga kwa mpope, n'kukasunga ngati kamwa yongobwereka. Pofuna kuika chipolopolo, wowombera ankalumikiza kachidutswako ndi timisomali, n'kuyala kansalu kapena kapepala pamwamba pake, n'kukankha chipolopolo ndi kachipangizo ka mkuwa kuti chilowe chosapendekeka ngakhale pang'ono, ndipo kamwa yeniyeni ya mfuti inkatetezedwa kuti isaperepeseke. Akatha ankachotsa kachidutswako asanawombere. Pamwamba pa mfuti zambiri pankakhala galasi loonera patali, lalitali pafupifupi ngati mpope womwe. Taganizani munthu akuchita zonsezi atagona chafufumimba m'ngalande, manja ali bii ndi mwaye wa onga.

Apa m'pamene panagona vuto lake. Pamene asilikali a kumpoto anazinga tauni ya Yorktown mu April 1862, mfutizi zinathandiza zedi, popeza wowombera ankakhala malo amodzi tsiku lonse akulondalonda oyendetsa mizinga a adani. Koma pa ulendo wapansi wa masiku ambiri zinkafuna ngolo, ndipo nkhondo ikafika pafupi, mfuti yochedwa kudzaza chotere inali katundu chabe. N'chifukwa chake mu 1862 asilikali a Berdan analandira mfuti za Sharps, zoikira chipolopolo chakumbuyo, ndipo zolemera zija anangosunga zochepa za ntchito yapadera.

A mbali ya kumwera anadalira mfuti ina yodzazira kukamwa, yopangidwa ndi Joseph Whitworth wa ku Manchester, ku England, imene ankailowetsa m'dziko mozemba sitima zankhondo za kumpoto. Iyi sinali yolemera kuposa mfuti wamba, pakuti luso lake linali m'bowo la mpope, lomwe linali la mbali 6 ndiponso lopotoka. Mu 1860 Mfumukazi Victoria ya ku Britain inaiwombera ku Wimbledon itamangidwa pa chotsamira, n'kulasa pafupi ndi pakati pa chandamale pa mamita 366. Pa 9 May 1864 ku Spotsylvania, Jenerale John Sedgwick wa mbali ya kumpoto anadzudzula asilikali ake chifukwa chozinda zipolopolo, nawauza kuti pa mtunda wotero adani sakanalasa ngakhale njovu, ndipo posakhalitsa chipolopolo chinamulasa m'munsi mwa diso lakumanzere n'kumwalira. Olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti chinachokera mu mfuti ya Whitworth.

Choncho, bambo, mukayang'anenso chithunzi chanucho kunsonga kwa mpope. Mukaonapo timabowo ting'onoting'ono tozungulira kamwa, dziwani kuti ndi ya mpikisano ija, ndipo m'timabowomo ndi mmene munkalowa timisomali ta kamwa yobwereka.