Funsani Dokotala: Mchimwene wanga waonda, kodi adzapirira opaleshoni yomuika mapapo ena?

Funso: Adokotala, mchimwene wanga wa zaka 29 akudikira kuikidwa mapapo ena. Ndi wamtali mamita 1.70 koma akulemera makilogalamu 47 okha, ndipo madokotala ake akuti ayambe wanenepako. Mantha anga ndi akuti mankhwala ogonetsa adzamukulira mphamvu, osadzukanso.

Yankho: Achemwali, za kudzuka mtima ukhale m'malo. Dokotala wogonetsa amapima mankhwala malinga ndi kulemera kwa munthu, ndipo kwa woonda amathira pang'onopang'ono, maso ali pa kuthamanga kwa magazi. Amatero chifukwa magazi a munthu woonda nthawi zambiri amachepa albumin, puloteni yomwe imagwira mankhwala ena kuti asafike onse nthawi imodzi. Amamufunditsanso bulangeti la mpweya wofunda, kutenthetsa madzi a diripi, ndi kuika zofewa pansi pa zigongono, zidendene ndi m'chiuno, poti opaleshoniyi imatenga maola ambiri ndipo khungu lopanda mafuta silichedwa kuchita zilonda.

Nkhawa yanga ili pa masiku otsatira. Mapapo atsopano sadzikokera okha mpweya. Amadalira minofu ya pakati pa nthiti ndi mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Thupi likamaonda, minofu imeneyi imatha nawo. Ndiye wodwala amachedwa kuchoka pa makina othandiza kupuma, amalephera kutsokomola mwamphamvu, makhololo amatsalira, chibayo n'kupeza polowera. Mapapo oikidwa kumene sachititsanso munthu kutsokomola mwa iwo okha chifukwa mitsempha yake idadulidwa, choncho adzafunika kutsokomola mwadala, bala lili pachifuwa. N'chifukwa chake ambiri amaikidwa kumsana kachubu ka epidural, kothirira mankhwala oletsa ululu, kuti ululu usamutsekereze kupuma mozama.

BMI ya achimwene anu, yomwe ndi muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ndi 16.3. Munthu amatchedwa woonda ikatsika pansi pa 18.5, ndipo malangizo a 2021 a ISHLT, bungwe la padziko lonse la akatswiri oika mtima ndi mapapo ena mwa odwala, amaika BMI yosafika 16 pa zinthu zokweza kwambiri chiopsezo. Ali pafupi ndi malire, ndiye madokotala ake akunena zoona.

Musawadzudzule kuti sakudya. Kupuma movutikira kumadya mphamvu usana ndi usiku, ndipo mimba ikadzaza befu amawonjezeka. Azidya pang'ono koma pafupipafupi, zakudya zomanga thupi ndi zopatsa mphamvu, aziyendanso ndi kulimbitsa miyendo motsogozedwa ndi a fizo, akatswiri olimbitsa thupi la odwala, chifukwa chomwe tikufuna ndi minofu. Akawauza za chubu chodyetsera m'mimba usiku, asachikane.

Chenjezo limodzi: ngati akhala masiku angapo osadya kwenikweni, musawonjezere chakudya mwadzidzidzi muli kunyumba. Michere ya phosphate, potassium ndi magnesium imatha kutsika m'magazi mpaka kusokoneza mtima. Kuwonjezerako kuchitike achipatala akuyeza magazi.