Magazini odzaza kale aja musawalandire, achimwene

Achimwene, mwalemba pagulu pano kuti mukufuna kumanga nokha mfuti ya AR-15. Koma mpope wa mfuti (barrel) ndi bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope) za kaunjika zimene mwati munthu wa ku gun show, msika wa mfuti uja, akukugulitsani motchipa, n'kuwonjezerapo magazini awiri odzaza kale ngati basela, zisiyeni pomwepo. Ndikuti zisiyeni. Ndangowerenga zomwe mwalembazo thupi lonse lachita tsemwe, chifukwa njira imene mukulowayi ndi yomweyo imene inandisiyira zipsera pamkono wamanzerewu, ndipo akuno ku Indiana, mu America, amene anabwera kudzandizonda akudziwa kuti sindikukokomeza.

Inenso AR-15 yanga yoyamba ndinafuna kumanga ndekha. Lower, chigawo cha kumunsi chokhala ndi tiriga, ndinagula mwadongosolo, kwa wogulitsa wa laisensi, ndinalemba fomu 4473 ya boma yogulira mfuti, anandifufuza, zonse zinayenda. Zotsalazo ndiye zinkadula, ndiye ndinapita ku gun show kukasakasaka. Ndinapeza bambo wina wachikulire ndithu, ndevu za imvi, wolankhula mokoma, wonditchula mnzake ngati tinakulira limodzi. Anandionetsa zilembo zodinda pampope kuti 5.56, saizi ya zipolopolo zake, ndipo zinali zoona, mpopewo unalibe vuto. Titamvana mtengo anatulutsa magazini pansi pa tebulo ali odzaza mpaka pakamwa, akuti tengani awa mukayesere, zipolopolozi ndimapanga ndekha kunyumba, n'zabwino kuposa za m'sitolo. Lisiti kunalibe. Paja lamulo la kuno limati mfuti ndi lower ija yokhala ndi nambala, zina zonsezi mpope, bolt, magazini, ndi zitsulo chabe zomwe aliyense angagulitse popanda pepala lililonse. Munthu wamkulu wakupatsa mphatso, ife a ku Malawi timati zikomo ndi manja awiri.

Tsiku lokayesa ndinatenga mwana wanga wamwamuna, anali ku high school nthawi imeneyo. Ankandithandiza madzulo m'galaja, kundigwirira tochi, kufunafuna tisipuling'i tikadumphira pansi, ndiye anali ndi chidwi kwambiri kuti aombe mfuti imene tamanga tokha. Zoyambirira zinatuluka bwinobwino, zikuboola pepala pafupi ndi pakati. Mwana akundikoka malaya kumbuyo kuti adadi, nanenso. Ndinati dikira ndimalize magaziniyi ndikupatse. Ndinakoka tiriga. Phokoso limene linatuluka silinali la mfuti, linali lina, lolemera, ndinalimva m'mano ndi m'chifuwa ngakhale ndinali nditavala zotchingira makutu. Nkhope yonse inatentha. Magazini inaphulikira pansi, chivundikiro chake cha kunsi, sipuling'i ndi zipolopolo zotsala zinamwazika pabenchi ndi pansapato zanga. Upper, chigawo cha kumtunda chogwira mpope, inang'ambika m'mbali ngati nzimbe yosendedwa ndi mano, bolt carrier (chonyamulira bolt) itagawanika, utsi ukutuluka malo amene utsi suyenera kutuluka. Woyang'anira range, malo oyeserako mfutiwo, akukuwa kuti aliyense asiye kuombera, anthu akubwerera m'mbuyo, ine ndangoima ndagwira chinthu chimene sichinalinso mfuti. Ululu sindinaumve msanga. Ndinangoona dzanja la malaya likuda, kenako magazi akudontha kuchokera pachigongono, tizitsulo ta aluminiyamu titalowa m'mnofu kuyambira pamfundo ya dzanja kukwera m'mwamba. Galasi lamanja la magalasi oteteza maso linali ndi kachitsulo katamiramo theka, molunjika pamwana wa diso. Nditatembenuka ndinapeza mwana wanga atakhala pansi pasimenti, manja ali kumutu, pakamwa pali yasa koma osatulutsa mawu. Sanavulale. Koma magazini imeneyo ikanatha bwino, yachiwiri ija inali yake, ndipo manja ake aang'ono aja ndi amene akanagwira pamene panang'ambikapo. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi tulo timandithawa.

Gunsmith (mmisiri wa mfuti) amene anadula mpopewo pambuyo pake ndi amene anandionetsa chomwe chinachitika. M'kati mwa magazini, pansi pa zinzake, munali chipolopolo cha .300 Blackout. Abale, mvetserani apa, chifukwa ambiri amene akuyamba kumene sadziwa. Chipolopolo chimenechi chimalowa m'magazini yomweyo ya 5.56, chimagwiritsa ntchito bolt yomweyo, chimene chimasiyana pamfuti ziwirizi ndi mpope basi. Mutu wake ndi wonenepa mamilimita 7.62 pamene bowo la mpope wanu ndi 5.56. Mungaganize kuti chikana kulowa, koma bolt ikachikankha ndi mphamvu, makamaka chikakhala chopangira kunyumba chosafinyidwa bwino pakhosi, mutu uja umabwerera m'kati mwa chikombole chake, bolt n'kutseka ngati zonse zili bwino. Ukaomba, onga wayaka, mutu wakanirira pakhomo la mpope, mphamvu yonse ija ilibe kolowera koma kubwerera kwa iwe. Anandipatsa mutuwo m'manja utafinyika n'kutalika, utangoyenda pang'ono m'mpopemo. Anatsanulanso magazini yachiwiri ija patebulo n'kupezamo chinanso.

Kuchipatala anandizula tizitsulo ndi kachopanira, ena anawasiya akuti kuwakumba kungawononge mitsempha, ndipo kukazizira ndimawamva. Ndili chigonere pabedi kunalowa wapolisi, chifukwa kuno munthu akavulala ndi mfuti achipatala amayenera kudziwitsa apolisi. Anafunsa ID, anafunsa kumene ndinagula lower, analemba nambala yake, anafunsa ngati ndili nzika. Green card inali m'chikwama. Mayi a kunyumba anafika atavala yunifolomu ya kuntchito, atathawa shifiti, sanandilankhule, anangopita kukakumbatira mwana. Bilu itabwera, ngakhale inshuwalansi inalipirako, gawo langa lokha likanagula mfuti zatsopano zingapo za m'bokosi.

Nanga bambo uja? Ndinamuimbira dzanja lili m'bandeji. Poyamba anati sakundikumbuka. Nditamufotokozera anati zinthu za kaunjika ukagula wagula, ndipo munthu wanzeru amayang'ana chipolopolo chilichonse asanaombe. Iye amene anazidzaza ndi manja ake! Iye amene anati tengani mukayesere! Sanafunse n'komwe ngati ndavulala, sanafunse za mwana ngakhale ndinamutchula. Kenako anandibloka. Loya anandiuza kuti popanda lisiti, popanda mboni, ndalama ndinapereka pamanja, mlanduwo ungondidyera ndalama zina. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kusakaniza zipolopolo za mfuti ziwiri pabenchi imodzi n'kumagawira anthu ngati maswiti, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka pano akuyalabe tebulo lake kwinakwake n'kumatchula anthu anzake. Zimandiwawa kwambiri. Sindikudziwa ngati amene mwakumana nayeyo ali wotero, mwina ndi munthu wabwino, koma magazini yodzazidwa ndi munthu wina simungaione m'kati.

Tsono musanagule ngakhale sikuluwu imodzi, yambani mwayang'ana mapepala anu, chifukwa simunanene kuti muli pa chiyani ndipo musanene pagulu pano. Nzika ndi wa green card amaloledwa. Amene ali pa visa ya sukulu, ya ntchito kapena ya ulendo, lamulo la federal limamuletsa kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula njira zochepa monga kukhala ndi laisensi ya ulenje yogwira ntchito. Amene visa inatha n'kungokhala, asayerekeze n'komwe, ngakhale kubwereka ya mnzake. Chilango chake chimafika zaka 15 kundende kuyambira 2022, ukatuluka ndege ikukudikira. Ngakhale wa green card, mlandu wa mfuti ukamupeza wolakwa atha kuthamangitsidwa m'dziko muno. Amene nkhani yawo idakali kwa a immigration afunse loya, osati ife. Ndipo chonde, zoti mlamu wanga ndi nzika akandigulira m'dzina lake, umenewo ndi mlandu waukulu kwa nonse awiri. Fomu ija imafunsanso za chamba, ngakhale muli mu state imene chimagulitsidwa poyera, ndipo kunama pafomupo ndi mlandu pawokha. Lower kwa wogulitsa wa laisensi simungagule musanakwane zaka 21.

Ndaona wina wayankha kuti mugule 80% lower, ija yosamalizidwa kufakitale, yopanda nambala kuti musavutike ndi mapepala. Bwana amene mwalemba zimenezo, ndi ulemu wonse, musamuphetse mnzathuyu. Wapolisi uja ataima pambali pa bedi langa, chimene chinafupikitsa nkhani ndi nambala ya palower ndi dzina la sitolo. Mlendo wa khungu lakuda, chizungu cha kwathu, mfuti yopanda nambala, magazi pansi, mukuganiza nkhaniyo ikanatha bwanji? Komanso ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti, inakhwimitsa malamulo a zinthu zimenezi mu 2022, Supreme Court inavomereza mu 2025, ndipo ma state angapo analetseratu. Za ma state ndiye samalani kwambiri. AR-15 imene ili yololedwa kuno ku Indiana, mukangodutsa malire kulowa Illinois ndi yoletsedwa kugula kuyambira January 2023, ndipo abale athu ambiri amapita ku Chicago pafupipafupi osaganizako zomwe zili m'buti. Washington state inaletsanso chaka chomwecho. California, New York, New Jersey, Maryland, Massachusetts, Connecticut, konseko kuli malamulo akeake olimba. Mpope usafupike kuposa mainchesi 16. Mukaika waufupi pamfuti ya stock (chotsamiritsa paphewa) musanalembetse ku ATF, mwaswa lamulo la federal la 1934 ndipo ndi zaka mpaka 10, ngakhale mutati simunadziwe kuti inchi imodzi ili ndi kanthu.

Kunena zoona, langizo langa ndi lakuti mfuti yoyamba musamange, gulani yathunthu ya m'bokosi yokhala ndi waranti, muiphunzire, muziimasula ndi kuitsuka mpaka muidziwe. Komabe ineyo nditachira ndinamanganso ina, ndipo ndimaikhulupirira kuposa ya m'sitolo chifukwa pini iliyonse ndinaiika ndekha, ndiye sindingakuletseni. Ngati mtima wakakamira, gulani upper yomangidwa kale kufakitale pamodzi ndi bolt yake yatsopano, inu mumange za kumunsi zokha, chifukwa kumtundako ndi kumene kumakhala moto. Za kaunjika ayi, ngakhale stock ndi handguard zanga za panopa ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito, izo siziphulika. Mukafuna kumanga upper nokha, musachite ndi sipanala ya galimoto. Pamafunika vaisi, chogwirira upper kuti isapindike, ndi torque wrench, chifukwa nati ya mpope ili ndi muyezo wake, pakati pa 30 ndi 80 foot-pounds, osati kumanga mpaka mkono utope. Headspace, mpata wa pakati pa bolt ndi pamene chipolopolo chimatsamira mumpope, iyezedwe ndi ma gauge aja a go ndi no-go, ndipo ngati mulibe, gunsmith amayeza pa kandalama kochepa. Mupite nayo kwa gunsmith musanaombe ngakhale kamodzi. Werenganinso zodinda pampope: wa 5.56 kapena .223 Wylde umalandira zipolopolo za 5.56 ndi za .223, koma wolembedwa .223 Remington yokha musauike za 5.56, mphamvu yake imaposa. Tisipuling'i ta m'lower timauluka, valani magalasi ngakhale m'galaja, ena amamangira m'kati mwa jumbo yoonekera kuti tisasowe.

Zipolopolo gulani za kufakitale, m'bokosi lomata, mudzaze nokha chimodzichimodzi mukuwerenga pansi pake. Za munthu wina zopangira kunyumba, kaya ndi m'busa wa mpingo wanu, ayi. Chimene mwatola pansi ku range musachiike m'mfuti. Mukadzakhala ndi .300 Blackout tsiku lina, magazini ake akhale a mtundu wina, omata tepi yofiira, ndipo mfuti ziwirizo zisapite ku range tsiku limodzi. Ine m'nyumba mwanga chipolopolo chimenecho sichilowa. Magalasi a ku range mugule enieni olembedwa Z87, osati a dzuwa. Mwana kapena mayi asakhale woyamba kuomba mfuti yongomangidwa kumene, ndipo aime kutali kumbuyo kufikira mutatsitsa magazini angapo.

Sefa yokiya mugule mfuti isanafike pakhomo, makamaka ngati muli ndi ana kapena mumalandira alendo ochokera kumudzi, ndalama yake muiwerengere m'bajeti yomweyo mwatchulayo. Ndipo December akamayandikira anthu akayamba kudzaza makontena opita kumudzi, musaponyemo kachitsulo kalikonse ka mfuti, kaya magazini, kaya tiriga, kaya chipolopolo chimodzi choiwalika m'thumba la jekete, poti mukapatse amalume osaka nyama. Kutulutsa zimenezi mu America popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, ndipo ku Malawi mfuti ndi zipolopolo zimafuna chiphaso cha apolisi, wolandirayo ndi amene akagone m'chitokosi. Mundilembere ku inbox state imene muli, osati za mapepala anu, ndikuuzeni zoyenera kukafunsa kusitolo ya laisensi. Munthu wa magaziniyo mumuuze lero lomwe kuti mwasintha maganizo.