Kodi ndingavale kilt tsiku ndi tsiku ku Glasgow osasekedwa?

Kalata yafika kuchokera kwa m'bale wathu amene akukhala ku Glasgow, ku Scotland. Anabwereka kilt, chovala cha amuna a ku Scotland chooneka ngati siketi ya mapindo, pa ukwati wa mnzake wa kuntchito, inamukomera, tsopano akufuna yakeyake yoti azivala popita kogula zinthu, kutchalitchi, mwinanso kuntchito. Akuopa ziwiri: kuti eni dziko akwiya, ndi kuti Amalawi anzake amuseka kuti walanda siketi ya akazi ake.

Achimwene, za eni dziko mtima m'malo. Sakwiya. Palibe lamulo lonena kuti kilt ndi ya obadwira ku Scotland okha, ndipo simufunika kukhala wa fuko la MacDonald kapena Campbell kuti muvale nsalu ya mandalasi ija imatchedwa tartan. Kaundula wa boma wa nsaluzi, Scottish Register of Tartans, amene anayamba ntchito mu 2009, amangosunga mbiri ya kalukidwe ka nsalu iliyonse, sagawa zilolezo zovalira. Zilipo zochepa zimene eni ake anaziteteza, monga Balmoral ya banja lachifumu, koma Black Watch ndi Royal Stewart amavala wina aliyense. Chimene mukumane nacho ndi mafunso. Pabasi, m'sitolo, pamzere wa kubanki, wina akufunsani kuti ukwati uli kuti, kapena ngati timu ya Scotland ikusewera lero. Amafunsa chifukwa iwo eni savala kilt mwawamba. Amaitulutsa pa ukwati, pomaliza maphunziro, pa gule wa ceilidh, pa mpira, kenaka n'kuibweza m'kabati.

Kale sizinali choncho. Kilt yoyambirira inali chinsalu chachikulu chimene abusa a ng'ombe a kumapiri a Highlands ankadzikulunga nacho usana n'kufunda usiku. Anthu a kumeneko atagonjetsedwa pa nkhondo ya Culloden mu 1746, boma la Britain linaletsa chovalachi: wopezeka atavala koyamba, miyezi 6 m'ndende, kachiwiri, kupitikitsidwa kutsidya la nyanja zaka 7. Asilikali a mfumu okha ndiwo analoledwa. Lamulolo linachotsedwa mu 1782, koma pofika apo anthu wamba anali atazolowera buluku ndipo sanabwererenso. Mfumu George IV itavala kilt pocheza ku Edinburgh mu 1822, mabwana anaitola n'kuisandutsa chovala cha pa zochitika, chokwera mtengo, chokhala ndi malamulo ake ambirimbiri.

Ife Amalawi izi sizachilendo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi. Linafafanizidwa mu 1993, koma mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anali akuvulabe amayi pamsewu chifukwa cha buluku lomwelo. Nyumba ya malamulo imamaliza zake tsiku limodzi, pamene maso a anthu amatenga zaka kuti azolowere.

Ndiye tifike kwa anzanu oseka aja, poti apa ndiye pakundiwawa. Buluku amalinyadiralo silinachokere kwa makolo athu. Agogo athu ankamanga nyanda ndi zikopa m'chiuno, pambuyo pake nsalu. Buluku linabwera ndi azungu, ndipo ambiri mwa azungu oyambirirawo anali a ku Scotland komweko, amene anatsegula mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876. Lero mdzukulu wa munthu wovala nyanda aziseka mnzake kuti miyendo yake sinalowe m'mapaipi awiri? Pitani ku Umhlangano ku Ntcheu mukaone madoda a Chingoni atavala zikopa, mukayese kuwauza kuti avala zachikazi. Amuna a Chilozi ku Zambia amavala siziba, chovala chonga siketi, pa mwambo wa Kuomboka. Ku South Africa amuna a mpingo wa Shembe amavina atavala chovala chonga kilt. Inde, zonsezi n'za pamwambo, ndipo wina anena kuti Lolemba m'mawa onsewa amabwerera ku buluku. N'zoona. Koma ndiye nkhani yake ndi chizolowezi basi, umuna sukukhudzidwa. Akusekani Lamulungu loyamba ndi lachiwiri, lachitatu ayamba kufunsa kuti munagula zingati.

Chimene chingakuseketseni mpaka kalekale ndi kuivala molakwika, kapena kuivala ngati mkwati Lachiwiri masana.

Zogula ndi kavalidwe kake

Kilt ya paukwati imadya nsalu mayadi 8, pafupifupi mamita 7, ya ubweya wa nkhosa wolemera maaunsi 13 kapena 16 pa yadi. Ndi yokongola, imagwedezeka bwino poyenda, koma yosokedwa pamanja imafika mapaundi 400 kapena kuposa, ndipo siilowa m'makina ochapira. Yoyambira tengani ya mayadi 5, ya nsalu ya polyviscose, imene m'masitolo amangoti PV. Ndi yopepuka, yotsika mtengo, imachapika ndi madzi ozizira. Masitolo obwereketsa zovala za ukwati amagulitsanso zakale zawo motchipa. Yang'anitsitsani timalamba tachikopa ndi poboola pamene kalamba kamadutsira kumanzere, pamenepo ndi pomwe pamayamba kung'ambika. Ziliponso za nsalu yolimba yopanda mandalasi, zokhala ndi matumba, zimene kampani ya Utilikilts ya ku Seattle inatchukitsa kuyambira 2000. Ku America zimayenda malonda, koma ku Scotland anthu amaziyang'ana mokayika kuposa tartan.

Musagule potengera saizi ya buluku lanu. Kilt imakhala pamchombo, buluku limakhala m'munsi. Yezani katatu: kuzungulira pamchombo, kuzungulira pamene matako atakasuka kwambiri, ndi kuchokera pamchombo kufika pakati pa bondo. Mnzanu ndiye ayeze, chifukwa mukawerama kuti muone tepi muyeso umafupika. Zosokeratu zambiri zimatalika mainchesi 24, ndipo munthu wamfupi zimamukwirira bondo lonse, apo ndiye imaonekadi ngati siketi. Gwadani mutaivala: m'mphepete mwake mutsale pang'ono kukhudza pansi.

Mapindo amakhala kumbuyo, kutsogolo kumakhala kosalala, mbali ya manyenje ikugwera kudzanja lanu lamanja. Alendo ambiri amaitembenuza. Ikabwera yatsopano, mapindo amakhala atagwiridwa ndi ulusi woyera. Dulani muusolole, unali wa paulendo chabe. Pini yaikulu ija ibayeni pa nsalu yapamwamba yokha, pakona yakumanja, mainchesi 4 kuchokera pansi. Ntchito yake n'kulemeretsa kona kuti mphepo isaiulutse. Mukalumikiza nsalu zonse ziwiri, mukangotambasula mwendo nsalu ing'ambika.

Kilt ilibe matumba, n'chifukwa chake pali kachikwama kakutsogolo, sporran. Ka masana ndi kachikopa kopanda zokometsera. Kaubweya kokhala ndi chitsulo chonyezimira n'ka madzulo. Kalendewere kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pa lamba. Ngati muzivala tsiku lililonse, chotsani tcheni muike kalamba kachikopa, popeza tcheni imapala ubweya mpaka nsalu kuyera m'chiuno. Poyendetsa galimoto kakankhireni kumbali.

Pamwamba valani juzi kapena malaya wamba, pansi jombo ndi masokosi okhuthala a mtundu wakuda kapena wotuwa, opindidwa zala zitatu pansi pa bondo, kapena ongokhwinyatira pa jombo. Jekete ya mabatani asiliva, masokosi oyera ndi nsapato za zingwe zokulunga m'miyendo zisiyeni, ndizo zimaitana funso la ukwati lija. Kampeni kolowetsa m'sokosi, sgian-dubh, kasiyeninso kunyumba. Lamulo la ku Scotland limalola mpeni ngati uli mbali ya chovala cha chikhalidwe cha dziko, koma mlonda wa pakhomo la bala kapena wa pabwalo la ndege salowa nanu m'mikangano ya malamulo.

Pokhala pansi, sesani mapindo ndi manja kuchokera kumbuyo, kenaka kankhirani nsalu yakutsogolo pakati pa miyendo. Kabudula wamkati valani, wakuda, zonena za anthu zisakupusitseni. Glasgow kuli mphepo, ndipo usiku kuli oledzera amene amaona ngati kukweza kilt ya munthu ndi nthabwala. Kujambula kunsi kwa chovala cha munthu popanda chilolezo ndi mlandu ku Scotland kuyambira 2010, ndipo lamulolo limatetezanso amuna.

Kuntchito funsani kaye abwana. Ngati pali yunifolomu, kapena mumanyamula odwala, kukwera makwerero, kuyandikira makina ozungulira, kilt idikire Loweruka.

Mukaivula, ipachikeni pa hang'ala ya zopanira zinayi kuti isalendewere mbali imodzi. Yaubweya iumitseni pamphepo, muziitumiza ku dry clean kamodzikamodzi, ndipo muike mankhwala a njenjete m'kabati. Posita, yalani kansalu konyowa pamwamba pa mapindo, dindani simbi n'kuinyamula, dindaninso. Mukaikhwekhwereza ngati mukusita buluku, mapindo amatseguka ndipo telala adzakulipiritsani kuti awabwezeretse.