Za Burkitt ndi khansa yotupitsa nsagwada

Achemwali, mwafunsa kuti dzina loti Burkitt, limene madokotala amatchula pa khansa yotupitsa ana nsagwada ndi m'mimba, linachokera kuti, komanso ngati imachizika.

Denis Burkitt anali dokotala wochita maopaleshoni wa ku Ireland, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Mu 1957 anaona mwana atatupa nsagwada mbali zonse, posakhalitsa n'kuonanso wina. Analemba za matendawa mu 1958, koma ambiri sanalabadire.

Chimene chimandigometsa ine ndi ulendo wake wa mu 1961. Iye ndi anzake awiri anakwera galimoto yakale ya Ford, n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000, kudutsanso kuno ku Malawi, nthawiyo kukutchedwa Nyasaland, akufunsa m'zipatala za mishoni ndi za boma: "Ana otere mumawaona?" Anapeza kuti khansayi imachuluka kumadera otentha ndi amvula, komwenso malungo ndi ofala, pomwe kumapiri kozizira imasowa. Munthuyu analitu ndi diso limodzi lokha, linalo linawonongeka ali mwana.

Wasayansi wina, Anthony Epstein, atamva nkhani ya Burkitt ku London anapempha tizidutswa ta zotupazo, ndipo mu 1964 gulu lake linapezamo kachilombo kotchedwa Epstein-Barr, kamene kamathandizira kuyambitsa khansayi.

Kuchizika imachizika ndithu. Burkitt anayesa mankhwala a khansa otchedwa methotrexate ndi cyclophosphamide, zotupa zina n'kuphwa m'masabata ochepa. Cyclophosphamide akugwiritsidwabe ntchito pamodzi ndi mankhwala ena. Koma khansayi imakula msanga kwambiri, choncho mwana akayamba kutupa nsagwada kapena mano kugwedera mosadziwika bwino, musadikire, thamangirani naye kuchipatala.