Za chakudya cha kumsasa: yankho kwa mayi amene mwafunsa

Mayi, mwati mukupita kukagona m'tenti masiku anayi ndi ana, muli ndi cooler box imodzi (bokosi losunga zakudya zozizira) ndi kachitofu ka gasi kophikira poto mmodzi, ndipo simukufuna ulendo wa buledi ndi zam'chitini zokhazokha. N'zotheka ndithu. Enanso afunsa za kalavani (kanyumba kokokedwa ndi galimoto), ndiye ndiphatikiza.

Ntchito yaikulu igwiridwe kukhitchini kwanu musananyamuke. Yalani zonse zimene mukufuna kutenga, muone chimene chimayamba kuwonongeka, chimenecho ndiye chiyambe kudyedwa. Nkhuku, nsomba yaiwisi ndi nyama yogaya ndi za tsiku loyamba basi. Za tsiku lachiwiri phikiranitu kunyumba, kaya ndi nyama ya msuzi kaya nyemba, muike mufiriji mpaka ziundane kuti gwa. Zikamasungunuka pang'onopang'ono m'bokosimo zimakhala zikuziziritsanso zinzake. Masiku otsalawo ndi a mpunga, supageti, mphodza, mazira, kabichi, karoti, anyezi ndi mbatata. Zam'chitini musazinyoze, koma zisakhale chakudya pazokha: kazingani kaye anyezi, adyo ndi tsabola, kenako muzikhuthulire momwemo, mufinyire ndimu pamapeto. Ana sadziwa n'komwe kuti zachokera m'chitini. Nyemba zouma zisiyeni, zingakuthereni gasi yense, pomwe mphodza yofiira imapsa m'mphindi 20 osaiviika.

Tsopano za bokosilo, chifukwa vuto la kutsekula m'mimba lingathe kuchokera pamenepa. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira chakudya chikakhala pakati pa 5°C ndi 60°C. Chophika chikakhala panja maola opitirira awiri, musachimvere chisoni, tayani. Kukatentha kupitirira 32°C, ola limodzi lokha. Mpunga wotsala ndiye wachinyengo kwambiri, umaoneka bwinobwino osanunkha, koma poizoni wa tizilombo take satha ngakhale muutenthetsenso. Phikani wokwanira kudya nthawi yomweyo.

M'malo mogula ayezi wa tizidutswa, undanitsani mabotolo akuluakulu a madzi akumwa. Amachedwa kusungunuka, sanyowetsa chakudya, ndipo akasungunuka mumamwa. Nyama yaiwisi ikhale pansi penipeni m'chotengera chotseka bwino kuti madzi ake asadonthere zina. Masana bokosilo likhale pamthunzi, osati m'galimoto yotseka. Ndipo poti muli ndi ana, zakumwa zawo zisalowe m'bokosimo, apo ayi azidzangotsegula mphindi iliyonse mpaka kuzizira konse kuthe. Aikireni m'ndowa ya madzi pansi pa mtengo.

A kalavani, firiji zambiri za m'menemo zimayendera gasi, batire ya 12V kapena magetsi. Ya mtundu umenewu imafuna kalavani itaima mowongoka, ikapendekeka siziziritsa bwino. Iyatseni pamagetsi usiku woti mawa mukunyamuka, muikemo zinthu zozizira kale, chifukwa batire pamsewu imangosunga kuzizira komwe kulipo, siyambitsa kwatsopano.

Pophika, mdani wanu ndi mphepo. Imabalalitsa moto, gasi n'kumangopita madzi osawira. Pezani malo obisika ndipo muzivundikira poto nthawi zonse, koma musatchinge chitofu mbali zonse ngati kabotolo ka gasi kali pansi pake, kangatenthe n'kuphulika. Ngati mukupita kozizira kwambiri, gasi wa butane amakana kutuluka kukafika cha pa 0°C, wa propane alibe vuto limenelo. Kumapiri nako madzi amawira asanatenthe mokwanira, pamtunda wa mamita 2,000 amawira cha pa 93°C, n'chifukwa chake mpunga umachedwa kupsa. Onjezerani madzi ndi nthawi, si chitofu chalakwa.

Ndi poto mmodziyo, yambani ndi chochedwa kupsa. Mpunga ukatsala pang'ono, phulani, vundikirani, kulungani ndi thaulo, umalizika wokha uku mukuphika zodyera. Nkhuku muidule tizidutswa ting'onoting'ono kuti ipse mpaka mkati, pasakhale pofiira pafupi ndi fupa.

Ichi chokha ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse: chitofu kapena mbaula ya makala zisalowe m'tenti, ngakhale mvula igwe bwanji, ngakhale kuzizire bwanji. Zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka komanso sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Makala ooneka ngati azima amatulutsabe mpweyawu kwa maola ambiri. Mvula ikavuta, mangani lona pamwamba mbali zonse zili zotsegula, kapena mudye zosaphika tsiku limenelo. M'kalavani namo muzitsegula zenera pophika, ndipo kachipangizo kochenjeza za mpweyawu kasasowe.

Madzi a mumtsinje kapena m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, awire mobwata kwa mphindi imodzi yathunthu, kumtunda kwa mamita 2,000 zitatu. Mbale muzitsukira patali ndi mtsinjewo, mamita 60 kapena kuposa, ndipo muzitsuka mukangotha kudya kusanade. Nyenyeswa ndi zotsala zilowe m'thumba lomanga, zigone m'galimoto pamodzi ndi chakudya chonse, osati pamene ana agona, chifukwa nyerere, makoswe ndi nyama zina zimalondola fungo. Mpeni wakuthwa, machesi osungidwa pouma ndi chotsegulira zitini muziike m'poto momwemo polongedza, ndi zimene zimakonda kuiwalika.